MALUWA OSAFOTA PA TEBULO

Mlendo akafika pa khomo la ku Kawale kapena ku Biwi, mwambo wake ngwodziwika. Amlandira katundu, amlowetsa m'nyumba, malonje achitika, ndipo posakhalitsa mayi wa pakhomopo atulukira ndi thireyi ya tiyi. Koma mlendo atatsazika, mayi uja aona pa tebulo lake la mlombwa kamzere kotuwa kozungulira, pamene panakhala kapu yotentha. Apukuta ndi kansalu, apaka polishi, koma chipseracho sichichoka. N'chifukwa chake amayi athu akhala akuluka timadoilo ta ulusi, ena timikeka ta mlaza, kuti kapu ipeze pokhala ndipo tebulo lisaonongeke.

Masiku ano kwabwera luso lina limene achinyamata ambiri akuliona pa lamya zawo ndi kulisirira. Ndilo lopanga timbale tophwatalala toikapo makapu, toonekera ngati galasi, m'kati mwake muli duwa lenileni looneka ngati lathyoledwa m'mawa womwewo. Azungu amatitcha coaster, ndipo chopangira chake ndi rezini. Mwana wanu angakupempheni ndalama zoti ayambire ntchito imeneyi. Musanavomere kapena kukana, ndi bwino nonse awiri mudziwe chimene akufuna kugwira, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Kodi rezini n'chiyani?

Tonse tidziwa utomoni umene umatuluka mtengo ukatemedwa. Amene anayendapo m'nkhalango za paini ku Dedza kapena ku Chikangawa anauona ukutsetsereka pa khungwa, womata ndi wonunkhira. Ku maiko a m'mphepete mwa nyanja ya Baltic anthu amatola utomoni wa mitengo yamakedzana umene unauma ndi kusanduka ngati mwala zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndipo m'kati mwake mumapezeka tizilombo ndi timaluwa tosaonongeka konse. Luso limene tikukambali lingotsanzira zimenezi.

Rezini wa masiku ano sachokera ku mtengo ayi. Ndi mankhwala opangidwa m'fakitale, otchedwa epoxy. Paul Schlack wa ku Germany analembetsa njira yake yowapangira mu 1934, ndipo m'zaka zomwezo Pierre Castan wa ku Switzerland anawapeza pofufuza zopangira mano oikirira. Mu 1946 kampani ya Ciba inayamba kuwagulitsa pa dzina la Araldite. Abambo amene anamatapo chigubu kapena chogwirira cha mpeni ndi guluu wa machubu awiri adziwa kale khalidwe lake: chubu chilichonse pachokha sichiuma, koma mukasakaniza ziwirizo zimatentha pang'ono ndi kulimba.

Rezini wopangira toikapo makapu amabweranso m'mabotolo awiri, lina la rezini ndi lina la cholimbitsa. Sauma ngati penti, imene imadikira mphepo. Amalimba chifukwa mankhwala awiriwo agwirana. Motero muyezo ukalakwika, ngakhale mutayanika mwezi wathunthu, chinthucho chidzakhalabe chonanda ngati ulimbo.

Maluwa ali pa khomo pomwe

Mbali yokondweretsa ya ntchitoyi ndi yakuti maluwa sagula. Mu Seputembala ndi Okotobala misewu ya Lilongwe imayalidwa ndi maluwa a jakaranda. Pa mipanda ya nyumba zambiri ku Area 25 ndi ku Area 23 pamayanga boganiviliya, amene timasamba take tofiira n'topyapyala ngati pepala. Mvula ikamatha, m'mbali mwa misewu mumachita chikasu ndi maluwa a deliya. Ngakhale chisoso, chimene timachidziwa ngati ndiwo kapena udzu wosautsa m'munda, chili ndi kaduwa koyera kokhala ndi chikasu pakati, ndipo m'rezini kamakongola kotero kuti mlendo sakhulupirira mukamuuza dzina lake.

Lamulo lalikulu ndi ili: duwa liume kotheratu. Duwa laliwisi lili ndi madzi, ndipo likatsekeredwa m'rezini limasanduka lofiirira ndi kuvunda m'kati momwemo. Thyolani maluwa mame atakamuka. Ayaleni pakati pa mapepala oyera, kunja kwake muike nyuzipepala zakale, ndipo mupsinje ndi mabuku olemera kapena njerwa. Sinthani nyuzipepalazo pakapita masiku atatu kapena anayi. Pakatha milungu iwiri kapena itatu duwa limakhala louma ngati pepala. Maluwa onenepa, monga rozi wathunthu, savomera kupsinjidwa. Muyenera kuthothola timasamba take ndi kutiumitsa patokhapatokha.

Njira imeneyi si yachilendo. Luca Ghini, mphunzitsi wa za zomera ku Italy, anaiyamba cha m'ma 1540, ndipo akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba amasunga zomera za dziko lathu mwa njira yomweyi. Koma tikupempheni chinthu chimodzi. Dziko la Malawi lili ndi mitundu yoposa 400 ya maluwa a m'tchire a mtundu wa chinaka, yambiri mwa iyo ku Nyika, ndipo ina ikusowa chifukwa chokumbidwa. Asiyeni amenewo kumene ali. A pa mpanda ndi a m'mbali mwa msewu akwanira.

Amene alibe nthawi youmitsa maluwa angadule duwa lojambulidwa pa kansalu ka chitenje kotsala kwa telala. Kansaluko kayambe kapakidwa guluu woyera wa matabwa mbali zonse ndi kuuma bwino, kuti kasade pomwa rezini.

Kapangidwe kake

Zofunika ndi izi: rezini ndi cholimbitsa chake, chikombole, timakapu toyezera, kamtengo kotakasira, magolovesi, kachitsulo kotolera maluwa, ndi katoni yovundikira. Chikombole chabwino ndi cha silikoni, chifukwa rezini samatirira pamenepo. Poyamba kuphunzira, chivundikiro cha pulasitiki yofewa, monga cha kontena ya majarini, chingathandize.

Choyamba, tebulo likhale lolingana bwino. Ikanipo mbale ya madzi muone ngati madziwo sakupendekera mbali imodzi, pakuti rezini amatsata kutsetsereka monga madzi.

Chachiwiri, werengani zolembedwa pa botolo. Rezini wina amafuna miyezo yofanana, wina miyezo iwiri ya rezini pa umodzi wa cholimbitsa. Wina amayezedwa ndi kapu, wina ndi sikelo. Musayeze ndi maso monga tichitira ndi mchere wa m'ndiwo. Ndipo musaganize kuti kuonjeza cholimbitsa kufulumizitsa ntchito. Kumangoiononga.

Chachitatu, takasani pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kufikira zisanu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu. Kutakasa mwaliwiro, ngati mukupuntha mazira, kumadzaza thovu.

Chachinayi, thirani rezini wochepa wongokuta pansi pa chikombole. Dikirani maola angapo kufikira atayamba kunanda, ndipo muyalepo maluwa. Mukawaika m'rezini wamadzimadzi amayandama ndi kusuntha. Kumbukirani kuti m'zikombole zambiri mbali ya pansi ndiyo idzakhale pamwamba, choncho duwa liyang'ane pansi. Kenaka sakanizani rezini wina ndi kuthira mpaka duwa litamira. Tithovu totsalira pansi pa timasamba mutitulutse ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Chachisanu, vundikirani ndi katoni, ndipo muleke kukhudzakhudza. Pakapita tsiku limodzi kapena atatu mungachotse m'chikombole, koma kulimba kwenikweni kumafika patatha pafupifupi mlungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo ya Lilongwe ili ndi mbali yake pa ntchitoyi. Rezini amalimba bwino pa kutentha kwa madigiri 21 mpaka 25. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, amakhala wolemera ngati uchi, amasunga thovu, ndipo amachedwa kulimba. Mankhwala ake ndiwo kuviika mabotolo otseka bwino m'madzi ofunda musanasakanize, ndi kugwira ntchito masana. Mu Okotobala mdani ndi fumbi, makamaka kwa okhala m'mbali mwa misewu ya dothi ku Chinsapo ndi ku Mgona; ndiponso kutentha kumafupikitsa nthawi yogwirira ntchito. M'dzinja chinyezi chimachititsa nkhungu pamwamba pa rezini, ndipo maluwa ouma amafewanso ngati sanasungidwe m'chitini chotseka.

Chenjezo kwa makolo

Apa ndipo tifuna makolo atchere khutu. Rezini asanalimbe ndi mankhwala oopsa. Akakhudza khungu kawirikawiri, thupi limayamba kudana naye: manja amayabwa, amatupa, amatuluka matuza. Munthu akafika pamenepo, nthawi zambiri vutolo silichoka moyo wake wonse, ndipo ntchitoyo ayenera kuisiya. Choncho magolovesi asasowe, ndipo abwino ndi a nitrile. Rezini akagwera pa khungu, sambani msanga ndi sopo ndi madzi, osati ndi parafini kapena thina. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndi kuthamangira ku chipatala mutatenga botolo lake.

Mabanja ambiri m'makomboni mwathu amakhala m'nyumba za zipinda ziwiri, momwe muli pogona, podyera ndi posewera ana. Ntchitoyi isachitikire m'chipinda chogona. Ichitikire pa khonde kapena pa malo opita mphepo, kutali ndi mbaula, kutali ndi makanda ndi amayi oyembekezera. Mabotolo asungidwe pamwamba, ndipo mankhwalawa asathiridwe konse m'botolo la chakumwa, poti mwana angayese ndi manyuchi. Kapu kapena supuni yosakanizira isabwererenso ku khitchini. Posalaza m'mphepete ndi sandipepa, nyowetsani ndi madzi kuti fumbi lake lisalowe m'chifuwa. Zotsala musazitaye m'ngalande, pakuti ngalande zathu zimathera mu mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi. Zisiyeni zilimbe, ndipo muzitaye zili zouma.

Chenjeraninso ndi rezini wa mtundu wina, wa polyester, amene amakonzera mabodi a galimoto ndi mabwato. Ngwotsika mtengo, koma fungo lake ndi laukali, sachedwa kugwira moto, ndipo cholimbitsa chake chingachititse khungu chikagwera m'diso. Ameneyo si wa pakhomo.

Kodi muli phindu?

Funso limeneli liyankhidwe ndi pensulo ndi pepala ndalama zisanatuluke. Kambale kamodzi kotambalala masentimita 10 ndi kochindikala mamilimita 6 kamadya pafupifupi mamililita 47. Ndiye kuti lita imodzi ya rezini wosakaniza imatulutsa timbale pafupifupi 20, kapena maseti asanu a timbale tinayi, ngati palibe kotayika. Koma wophunzira aliyense amaononga. Nkwanzeru kuwerengera maseti anayi okha. Tsono tengani mtengo wa litayo, onjezani magolovesi, chikombole, zokutira ndi ndalama za minibasi, ndipo mugawe ndi anayi. Chimene mwapezacho ndicho mtengo wa seti imodzi, thukuta lanu lisanawerengedwe. Kodi alipo amene angagule pa mtengo woposa pamenepo?

Rezini amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera. Wogulitsa seti lero pa mtengo wa dzulo angapeze kuti ndalama zake sizikwaniranso botolo lina. Umu ndi momwe mpamba umathera mwini wake akuyesa kuti malonda akuyenda.

Lingaliraninso za ogula. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, koma ambiri mwa iwo maganizo awo ali pa ufa, makala ndi lendi. Toikapo makapu ndi katundu wa mphatso. Msika wake uli pa zinkhoswe ndi maukwati, pa maphwando otsazika mkwatibwi, m'maofesi ndi m'nyumba za alendo, ndiponso kwa alendo akunja amene amagula ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town. Mkwatibwi angakondwe kusungiridwa timasamba ta maluwa a ukwati wake, ndipo ntchito yotere imalipira bwino kuposa kuyenda ndi katundu khomo ndi khomo. Kuti ntchito za manja zingakule m'dziko muno, umboni ulipo: Kungoni ku Mua inayamba mu 1976, Dedza Pottery mu 1987, ndipo zonse ziwiri zinatchuka chifukwa cha ntchito yaudongo yooneka kuti ndi ya kuno kwathu.

Wogula auzidwe zoona. Rezini wamba amafewa akatenthedwa kwambiri. Kapu ya tiyi aipirira, koma poto wochokera pa moto amsiyira chipsera. Akakhalitsa pa dzuwa amasanduka wachikasu, ndipo maluwa amazilala. Sayeneranso kukhala mbale yodyeramo. Wogula wouzidwa zimenezi amabweranso, pamene wonamizidwa amachenjeza anzake onse.

Mawu otsiriza

Inu achinyamata, musayambe ndi ngongole ya banki mkhonde, imene chiwongoladzanja chake sichidikira kuti dzanja lanu lizolowere. Yambani ndi mbali yosalira ndalama. Umitsani maluwa kwa mwezi umodzi, muone amene asunga mtundu wake, ndipo mulembe m'kope. Mukatero gwirizanani atatu kapena anayi, mugule botolo laling'ono limodzi, mupange seti yoyamba ndi kuionetsa kwa anthu musanagule lina.

Inu makolo, mwana akabwera ndi pempho lotere musafulumire kumuseka kuti akusewera ndi maluwa, komanso musangompatsa ndalama kuti aleke kukuvutitsani. Khalani naye pansi, muwerengere pamodzi, mumfunse kumene adzagwirira ntchitoyo ndi amene adzamgula. Akayankha bwino, mthandizeni ndi magolovesi ndi pa khonde. Ngakhale malondawo atapanda kukula, adzakhala ataphunzira kuyeza molondola, kudikira, ndi kuwerengera ndalama, ndipo zimenezi adzazifuna pa ntchito iliyonse. Tsono mlendo akadzabweranso, kapu yake idzakhala pa duwa la chisoso, ndipo tebulo la mayi lidzatsala lopanda chipsera.