KASAMALIDWE KA KAPINGA WA PABWALO M'NYENGO YA DZINJA

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, ndipo taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge.

Akuluakulu akale anati, "Walira mvula walira matope." M'mwezi wa October, pamene dzuwa linali kuswa mtengo ndipo kapinga wa pabwalo anali atauma ngati mphasa yakale, tonse tinali kuyang'ana kumwamba ndi kufunsa tsiku limene cizimalupsa cidzagwa. Tsopano mvula yakhazikika, ndipo udzu womwe uja tinauyesa wakufa wadzuka ndi mphamvu, kotero kuti munthu akauchecha Loweruka, pofika Lacinai wameranso ngati sanaukhudze. Lero ndifuna tikambirane za kasamalidwe ka kapinga wa pakhomo m'miyezi imeneyi, makamaka m'caka cimene mvula yaculuka.

Wina angafunse kuti, "Kodi udzu ngwakuti tiutayire nthawi pa wailesi? Makolo athu sanali kubzala udzu pakhomo. Anali kuupalira ndi kusesa." Nzoona, ndipo bwalo losesedwa bwino limakongola, njoka nayo imasowa pobisala. Koma pitani mukaone nyumba imene bwalo lake lasesedwa zaka 20. Mudzapeza maziko ali pamtunda, mizu ya mango iri poyera, ndipo khomo limene kale munthu anali kulowa wosakweza phazi tsopano lifuna mwala wopondapo. Dothi lonselo linapita ndi tsache ndi madzi. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mu Lusaka mumagwa mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pa caka, ku Ndola ndi ku Kitwe imapitirira 1,000, ndipo yambiri imagwa m'miyezi ya December, January ndi February. Mvula imodzi ya mamilimita 25, yonga imene imagwa masana amodzi okha, ikagwa pa bwalo la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, imathira pamenepo malita 2,500, ndiwo madiramu 12 ndi theka. Pa bwalo loyera madzi amenewa amathamanga natenga dothi. Pa kapinga amacedwa nalowa pansi. Alimi amadana naye kapinga akalowa m'munda wa cimanga, pakuti ungamlime cotani sakufa. Koma kukanika kwake komweko ndiko kumamyeneretsa kukhala mlonda wa dothi la pakhomo.

Si udzu wonse wa pabwalo umene uli kapinga weniweni, ngakhale timauchula dzina limodzi. Kapinga wathu ali ndi masamba ang'onoang'ono, amakonda dzuwa, ndipo amakhala bwino akasiyidwa masentimita 3 kapena 4, ndiko kunena msinkhu wa zala ziwiri zogundana. Ulipo udzu wa Kikuyu, wocokera ku mapiri a ku Kenya, wa misinde yonenepa ndi wofulumira kukula. Umenewu ufuna masentimita 4 kapena 5. Uliponso wa LM, umene unatenga dzina ku Lourenço Marques, mzinda umene lero uchedwa Maputo. Umapirira mthunzi wa mitengo, koma ukauchecha pansi pa masentimita 6 umanyala. Munthu ayenera kudziwa udzu wa pa bwalo lake asanagwire cikwakwa.

Tsono ndifike pa colakwa cimene ndaciona m'makomo ambiri, ndipo inenso ndinacicitapo. Mvula ikagwa masiku otsatizana, mwini nyumba amati, "Ndidikire ikate." Sabata imatha, ina nithanso, udzu nufika m'akakolo. Tsiku limene dzuwa latuluka amauza mnyamata kuti, "Ucheche mpaka pansi, kuti ucedwe kumera." Mnyamata amamvera, ndipo pofika madzulo bwalo limene m'mawa linali lobiriwira lasanduka lotuwa, la ziputu zokhazokha, ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha.

Cimene cacitika ndi ici. Tsamba la udzu ndilo khichini lake. M'menemo umaphika cakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Udzu ukatalika, masamba a pamwamba amachinga dzuwa, a pansi nafota, kotero kuti zobiriwira zonse zimatsala kumtunda, kunsi kuli misinde yokha. Amene achecha mpaka pansi wacotsa khichini lonse nthawi imodzi. Udzuwo sukufa ai, cifukwa pophukira pake pali pansi penipeni, koma kuti utulutse masamba ena umadya cakudya cimene unasunga, ndipo mizu imaima. Izi si zongoganizira. Mu 1955 katswiri wina wa ku America, Franklin Crider, anafalitsa zimene anapeza atayesa mitundu yambiri ya udzu: ukadulidwa theka la masamba ake kapena kupitirira apo, mizu yake imayamba kuleka kukula kwa masiku angapo, ndipo podula kwambiri masikuwo amaculukanso. Tsono taganizani, mizu yaima, dothi liri poyera, mvula yamkuntho nigwa usiku womwewo. Dothi limakokoloka, ndipo pa malo amene dzuwa lafika pansi, mbeu za cisoso, khovani ndi dawe zimene zinali kudikira zimamera msanga kuposa kapinga wofookayo. Munthu anafuna kupeputsa nchito, koma waiwirikiza.

Cifukwa cace lamulo la anthu osamala mabwalo a mpira ndi a sukulu nlakuti, musacotse koposa gawo limodzi la magawo atatu pa kuchecha kumodzi. Ngati mufuna udzu wa masentimita 4, uchecheni ukafika 6. M'dzinja izi zitanthauza kamodzi pa sabata, ndipo kwa Kikuyu nthawi zina kawiri. Ngati mwacedwa, udzu nufika masentimita 15, musacite manyazi kutsika pang'onopang'ono monga munthu atsika makwerero: lero pa 10, patapita masiku 3 kapena 4 pa 7, kenaka pa 5. Anansi adzaseka kuti simunamalize nchito, asiyeni aseke. Ndiponso m'masabata a mvumbi, pamene dzuwa silioneka, nkwabwino kuusiya wotalikirapo pang'ono kuposa masiku onse, pakuti kuwala kukacepa udzu ufuna tsamba lalikulu.

Nanga tichecha nthawi yanji, popeza kumwamba sikupatsa mpata? Mvula ya kwathu kuno kawirikawiri imadza masana kapena madzulo, ndipo m'mamawa kumakhala mame. Mpata wabwino uli pakati, kuyambira cha m'ma 10 koloko kufikira dzuwa liri pamutu. Yambani mwayenda pa bwalolo. Nsapato zikanyowa, dikirani ola lina. Phazi likamira, kapena madzi akatuluka m'mbali mwa cidendene, lekani ndithu tsiku limenelo. Ndipo mukamva bingu, ikani zitsulo pansi, lowani m'nyumba. Palibe udzu woyenera kufera ndi mphezi.

Za phazi lomira ndifuna kunenapo kwambiri, cifukwa ambiri sazindikira kuti m'dzinja kapinga sabvutika ndi ludzu, amabvutika ndi kusowa mpweya. Mizu imapuma monga ife, ndipo mpweya wake uli m'timipata ta pakati pa dothi. Mvula ikaculuka timipatato timadzala madzi, ndipo munthu akapondapo, kapena akayendetsapo makina, wilibala kapena galimoto, dothi limatsindika, timipata nititsekeka. Likauma limalimba ngati njerwa. Pa dothi la makande zimenezi zimacitika msanga koposa pa la mcenga. Cizindikiro cace ndi udzu wacikasu pamalo pamene madzi amaima, ndi ndere zobiriwira pamwamba pa nthaka. Ambiri akaona cikasuco amathamangira feteleza, koma munthu wotsamwa sam'patsa nsima. Mankhwala ace ndi foloko ya m'munda. Tsiku limene dothi liri lonyowa pang'ono koma losamata, basani foloko pansi masentimita 10, igwedezeni, izuleni, pitani patsogolo phazi limodzi, basaninso. Pambuyo pace wazani mcenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa owolerana, muusesere m'maenjemo. Pamene pali cidikha, dzazani pang'onopang'ono, osakwirira nsonga za udzu. Ndipo yang'anani kumene madzi a padenga amagwera; kangalande kakang'ono kowatsogolera ku nthoci kapena ku mtengo kamapulumutsa bwalo lonse.

Kunena za zida, ambiri a ife tiri ndi cikwakwa. Ico sicidandaula ndi udzu wonyowa monga makina, koma bvuto lace nlakuti dzanja likatopa cimaluma dothi, ndi kusiya zipsera. Cinoleni ndi tupa musanayambe, cipite copingasa, ndipo ana akhale kutali, pakuti mwala wothawa pa cikwakwa waphulitsapo maso a anthu. Makina ochechera udzu anawayamba ndi Edwin Budding wa kufupi ndi Stroud ku England mu 1830, ataona makina ometa ubweya wa nsalu m'fakitale. Dzina lao la Cingelezi limamveka ngati mowa, koma amene timawaona kwambiri masiku ano amamwa petulo. Mtundu wa Budding, wokankha ndi manja, umadula ngati sizasi ndipo umatsamwa msanga ndi udzu wonyowa. Wa petulo umazunguza mpeni pansi, ndipo mpeniwo ukabuntha umang'amba tsamba m'malo mwa kulidula. Mudzadziwa poona nsonga za udzu zitayera ndi kunyenyeka m'mawa mwace. Pa mabala otere ndi pamene cuku cimalowera m'nyengo yacinyezi. Mukatha nchito palani udzu womata kunsi kwa makina, cifukwa umadyetsa citsulo dzimbiri, koma yambani mwacotsa waya wa pulagi musanalowetse dzanja. Makina a magetsi okoka cingwe asayende konse pa udzu wonyowa.

Udzu wochecha uja tiutani? Ukakhala waufupi ndi wouma usiyeni pomwepo, udzawola nubwezera cakudya m'nthaka. Ukakhala wautali ndi wonyowa, wogwa m'miulumiulu, ukokoleni tsiku lomwelo, pakuti mulu wotere ukagona masiku awiri kapena atatu udzu wa kunsi kwace umasanduka wacikasu nuyamba kuola. Musauoche, ndipo musautaye m'ngalande za mumseu, zimene zikatsekeka madzi amabwerera m'nyumba za anzanu. Usanjikeni ndi masamba ouma kuseri kwa nyumba. Pofika nthawi ya dimba mudzakhala ndi manyowa osagula.

Feteleza m'dzinja afuna dzanja louma. Yuriya ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitirojeni, cakudya cokulitsa masamba, ndipo amene amthira wambiri mu January wadziitanira nchito, cifukwa udzu umakula mothamanga, wofewa ndi wosacedwa kudwala, pamene wina feteleza wapita ndi madzi. Theka la kilogalamu likwana bwalo lija la mamita 10 mbali zonse. Wazani masamba ali ouma, kuti timibulu tisamate ndi kuocha udzu, ndipo pasakhale mtambo wa mvula yamkuntho. Kwa ine, ngati udzu uli wobiriwira kale, ndalamayo ndi bwino ipite ku munda wa cimanga.

Adani ena amadza usiku. Mukaona cigamba cofiira cimene cikukula tsiku ndi tsiku, ndipo mbalame zaculuka pamenepo, yalani saka lonyowa madzulo, mukalibvundukule m'mamawa. Ngati ndi mbozi za mtundu wa nchembere zandonda mudzazipeza zitasonkhana kunsi kwace. Zikakhala zowerengeka zitoleni, kapena tsegulirani nkhuku. Zikaculuka funsani alangizi a malimidwe musanagule mankhwala, ndipo mutathira mankhwalawo nkhuku ndi ana asafikepo. Dawe yekha ndiye wouma mutu: kumchecha sikumupha, cifukwa ali ndi timbatata pansi, ndipo afunika kumkumba ndi timbatata take tomwe dothi liri lofewa. Bowa womera pa kapinga saononga udzu, koma mzuleni ana asanamuone, pakuti wina ngwakupha.

Pali cinthu cina cimene tinaphunzitsidwa tiri ana, cakuti kuchecha udzu kumathetsa malungo. M'menemo muli coona cocepa. Udzudzu umapumula m'udzu wautali masana, monganso nkhupakupa ndi mphiri zimabisalamo, cotero udzu waufupi pafupi ndi nyumba ngwabwino. Koma udzudzu suswana m'udzu. Umaikira mazira m'madzi oima, ndipo kukafunda pamatenga masiku ngati 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Wa malungo umakonda tizithaphwi tating'ono toombedwa dzuwa, tonga tija timatsala m'mapazi a munthu ndi m'mikwasa ya wilibala pa bwalo lotsindika. Cotero amene achecha bwino koma nasiya madzi ataima sabata yathunthu sanacite kanthu pa malungo, ndipo neti yogonamo ikhalabe pamalo pace.

Ngati pali zipala pa bwalo lanu, zibzaleni February asanathe. Dulani timisinde toyanga ta m'mphepete, tikwirireni motalikirana cikhato cimodzi, nsonga ziri kunja, ndipo mvula idzathirira yokha. Pofika kumapeto kwa March, mvula ikayamba kupatuka, kwezani mpeni pang'ono ndi kucepetsa kuchecha, kuti udzu ulowe m'miyezi yozizira ya June ndi July uli ndi masamba okwana ndi mizu yakuya.