Shaki ya m'madambo yomwe inkadya ana a mtundu wake

Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, madinosaur asanaoneke n'komwe, madera amene lero ndi Ulaya ndi North America anali pafupi ndi ikweta. Kunkatentha, mvula inkagwa yambiri, ndipo m'madambo munali nkhalango zowirira zimene mitengo yake inadzasanduka malasha okumbidwa pansi. M'madzi a m'madambo amenewa, chilombo choopsa kuposa zonse chinali shaki yotchedwa Orthacanthus, yotalika mpaka mamita 3. Dzinali anaipatsa ndi katswiri wa ku Switzerland, Louis Agassiz, mu 1843.

Mutaiona lero simungavomere msanga kuti ndi shaki. Thupi lake linali lalitali ngati la mkunga. Chipsepse chapamsana sichinali chosongoka chija timaona m'mafilimu chikung'amba madzi, koma chinatambalala msana wonse mpaka kumchira. Inkasambira modzipindapinda, kusambira koyenera madzi odzaza mizu ndi zipika. Cha pankhongo pake panali munga wautali woloza kumbuyo, umene akatswiri amati inkadzitetezera. Dzino lililonse linali ndi nsonga ziwiri zikuluzikulu zotayana ndi kansonga kakang'ono pakati, mano ogwirira nyama yoterera kuti isapulumuke.

Mafupa a shaki ndi ofewa ndipo sachedwa kuwola, choncho kawirikawiri chimene chimatsala m'miyala ndi mano ndi minga basi. Ndiye moyo wa nsomba imeneyi tingaudziwe bwanji? Umboni wina wamphamvu unachokera m'ndowe zake.

Matumbo a shaki ndi opotana mkati, ndipo ndowe za Orthacanthus zinkatuluka zopotana momwemo. N'chifukwa chake sizivuta kuzizindikira ngakhale zitauma n'kukhala mwala. Mu 2016, gulu lotsogoleredwa ndi Aodhán Ó Gogáin wa ku Trinity College Dublin linafalitsa zimene linapeza m'ndowe zotere zochokera kudera la malasha la Minto ku New Brunswick, m'dziko la Canada. Mkati mwake munali timano ting'onoting'ono ta ana a Orthacanthus. Zikuluzikulu zinkameza ana a mtundu wawo womwe.

Ofufuzawo ankaganiza kuti shakizi zinkalowa m'mitsinje ndi m'madambo kukaswana, kumene ana akanakulira kutali ndi adani a m'nyanja yamchere, koma chakudya chikachepa anawo ndiwo ankasanduka ndiwo. Apa tisafulumire kunena kuti mayi ankadya mwana wake weniweni, chifukwa ndowe sizitchula kholo. Ganizo la ofufuzawo likusonyezanso kuti Orthacanthus mwina sinali ya m'madzi opanda mchere okhaokha. Khalidwe lochoka m'madzi amchere kupita m'madzi opanda mchere lilipo mpaka lero: pali shaki ina imene imachoka m'nyanja ya Indian n'kukwera mtsinje wa Zambezi, moti kummwera kwa Africa amangoitchula dzina la mtsinjewo.

Chokumbidwa chimene ine chimandidabwitsa kwambiri chinapezeka ku Lebach, m'dziko la Germany, ndipo chinafotokozedwa mu 2008. Ndi cha Triodus, wachibale wamng'ono wa Orthacanthus amene ankakhala m'nyanja yopanda mchere. Shakiyi inafa itangodya. M'mimba mwake munali ana awiri a nyama zakale za gulu la achule, zokhala m'madzi ndi pamtunda pomwe. M'mimba mwa mmodzi wa anawo munalinso kansomba kotchedwa Acanthodes. Mwala umodzi unasunga magulu atatu a nyama zimene zinadyana motsatizana, zomwe sizipezekapezeka, chifukwa zimafuna kuti wodyayo afe chakudya chisanagayike, kenaka matope amukwirire msanga zodya mitembo zisanamupeze.