Kodi mumadziwa? Mabuku a zitsamba ndi amene ankawasindikiza

Kodi mumadziwa kuti buku lina lalikulu lonena za mankhwala azitsamba a kuno kwathu linalembedwa ndi munthu amene ankayang'anira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo konkuno? Brian Morris anachoka ku England mu 1958 n'kudzalowa ntchito pa esiteti ya Zoa, kenako anakakhala ku Limbuli, ku Mulanje. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 15, koma anadzabwererako atakula mpaka kukhala pulofesa ku Goldsmiths, mu London. Buku lakelo, Chewa Medical Botany, linatuluka mu 1996. Nzeru zili m'menemo anazitola kwa asing'anga a m'chigawo cha kum'mwera chino, koma linasindikizidwa ku Germany, m'Chingerezi. Kwa Chimaliro kuno mungayende midzi ingati musanapeze munthu amene analigwirapo?

Kodi mumadziwa kuti chisoso, bonongwe ndi luni zinalowa m'buku la boma? Mu 1955, ofesi yosindikiza mabuku a boma ku Zomba inatulutsa Useful Plants of Nyasaland, lolembedwa ndi Jessie Williamson. Mayiyu anali m'gulu lofufuza za kadyedwe ka anthu, limene linayamba ntchito mu 1938, ndipo n'chifukwa chake ndiwo zamasamba anazipatsa malo aakulu. University of Malawi inalitulutsanso mu 1975 litawonjezeredwa, dzina litasintha kukhala Useful Plants of Malawi. Ku Zomba komweko, mu 1972, kunasindikizidwa buku la Blodwen Binns la mayina a zomera, loika dzina lathu pambali pa dzina la Chilatini.

Kodi mumadziwa kuti kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi, anadzasanduka mankhwala a mtima ku Ulaya? John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anatsuka m'kamwa ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba mwake, ndipo anamva mtima ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh ndiye anadzayenga mankhwalawo. Musayese kunyumba, kombe amapha.

Kodi mumadziwa kuti makina osindikizira atangoyamba ku Ulaya, mabuku a zitsamba sanachedwe kulowa pamsika? Peter Schöffer, amene anagwirapo ntchito ndi Johannes Gutenberg ku Mainz, anasindikiza Herbarius m'Chilatini mu 1484. Chaka chotsatira anatulutsa Gart der Gesundheit m'Chijeremani, chilankhulo cha anthu wamba. Anaona patali: odwala ndi ambiri kuposa odziwa Chilatini.

Zithunzi za nthawi imeneyo ankazisema pathabwa, kupakapo inki n'kudinda papepala ngati chidindo cha amfumu. Kusema kunali kodula, ndiye osindikiza ena ankatenga thabwa limodzi n'kudindira zomera ziwiri zosiyana. Tangoganizani munthu amene wapita kutchire ndi chithunzi chotero kukakumba muzu woti amwetse mwana! Chomera china chotchedwa mandrake ankachijambula muzu wake uli ndi mutu, manja ndi miyendo ya munthu, wina wamwamuna wina wamkazi.

Kodi mumadziwa kuti amene anakonza zimenezi anali amisiri ojambula? Mu 1530, Johann Schott wa ku Strasbourg anasindikiza buku la Otto Brunfels. Wojambula wake, Hans Weiditz, anakana kukopera m'mabuku akale. Ankajambula chomera chenicheni chimene chili patsogolo pake, ndi masamba ofota ndi obooledwa ndi tizilombo omwe. Mu 1542, Michael Isingrin wa ku Basel anasindikiza buku la Leonhart Fuchs lokhala ndi zithunzi za zomera pafupifupi 500, kuphatikizapo chimanga ndi tsabola, zimene zinali zachilendo ku Ulaya. Fuchs anachita chinthu chosowa: anaika m'bukumo nkhope za amisiri ake atatu, Albrecht Meyer, Heinrich Füllmaurer ndi Veit Rudolf Speckle. Ine ndimamulemekeza pa chimenechi kuposa pa Chilatini chake chonse.

Kodi mumadziwa kuti matabwa osemedwawo ankabwerekanabwerekana? John Norton, posindikiza buku la John Gerard ku London mu 1597, anaitanitsa matabwa ambiri kuchokera ku Frankfurt. Gerard anasokoneza zithunzi ndi mayina, mpaka anachita kuitana katswiri wina, Matthias de l'Obel, kuti adzakonze.

Kodi mumadziwa kuti tiyi amene timathyola kuno ali m'buku la mankhwala la ku China? Bencao Gangmu, la Li Shizhen, lili ndi mitundu 1,892 ya mankhwala, ndipo tiyi ndi mmodzi mwa iwo. Mwini wake anamwalira mu 1593, bukulo lisanafike m'manja mwa owerenga.

Ndipo ku Goa, ku India, dokotala wa Chipwitikizi Garcia de Orta anatulutsa buku lake la mankhwala mu 1563. Wosindikiza wake, João de Endem, analakwitsa zilembo zochuluka zedi, moti kumapeto kwa bukulo anachita kuikako masamba pafupifupi 20 ongokonza zolakwikazo.