Makina Oyankha Mafunso ndi Kaŵerengedwe ka Masiku

Aphunzitsi ena ayamba kugwiritsa ntchito makina oyankha mafunso, monga ChatGPT imene idatuluka m'chaka cha 2022, pokonza maphunziro awo. Ena amafikira powauza makinaŵa kuti aŵerenge masiku ndi nthaŵi m'malo mwa zida za kompyuta zimene zidapangidwira ntchitoyo. M'nkhani ino tifuna kulongosola kusiyana kwa zinthu ziŵirizi, kuti inu amene mukukonzekera uphunzitsi musadzapatse ana yankho lolakwa.

Poyamba tione m'mene kompyuta imasungira nthaŵi. Makompyuta ambiri amaŵerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. M'chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Python muli chida dzina lake datetime, chimene chimasandutsa chiŵerengerochi kukhala tsiku, mwezi ndi chaka. Chidachi chimatsata kalendala imene Papa Gregory XIII adakhazikitsa m'chaka cha 1582. Lamulo lake ndi ili: chaka chogaŵika ndi 4 chimakhala ndi masiku 366, koma chaka chotha ndi 00 chiyenera kugaŵika ndi 400. Motero chaka cha 2000 chidali ndi 29 Febuluwale, pamene cha 1900 chidalibe.

Makina oyankha mafunso satero ayi. Iwo adaphunzira kuchokera m'zolembedwa zambirimbiri, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu ena. Mwa iwo okha alibe wotchi. Ngati sadauzidwe tsiku la lero, amangoganizira. Akafunsidwa kuti tsiku lakuti lidali lachingati, angathe kuyankha molimba mtima koma molakwa. Amakhulupirika koposa pamene alemba pulogalamu, kompyuta nkuiyendetsa, chifukwa apo choŵerengera chimakhala chida chenicheni chija.

Nanga m'kalasi tichitenji? Tiphunzitse ana njira yoyesera yankho. Masiku 365 ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi. Choncho deti lililonse limasunthira kutsogolo ndi tsiku limodzi chaka ndi chaka, koma likadutsa 29 Febuluwale limasuntha ndi masiku aŵiri. Mwachitsanzo, pa 6 Julayi 1964, pamene dziko la Malaŵi lidalandira ufulu wodzilamulira, padali Lolemba. Mu 1965 detilo lidagwera Lachiŵiri, mu 1966 Lachitatu, mu 1967 Lachinayi, koma mu 1968 lidalumphira pa Loŵeruka.

Lembani funso lotere pabolodi, ana aŵerengere m'magulu, kenaka yerekezani yankho lawo ndi la makina. Mayankho akasiyana, musathamangire kugamula. Afunseni anawo kuti asonyeze njira yawo, ndipo kalendala yeniyeni ithetse mkanganowo. Mwana wodziŵa lamuloli angathe kuona yekha pamene makina aphonya, ndipo luso limeneli ndilo tiyenera kumusiyira.