Zaka 40, Mwana Palibe: Kodi Mimba Ingabwere Yokha?

Ba sisi, mukawerenga pa Facebook kuti Janet Jackson anabala mu 2017 ali ndi zaka 50, mtima umakhala pansi, ati nthawi ikalipo. Koma ma celeb sakamba zonse. Naomi Campbell nayenso anakhala mayi pa 50, ndipo pambuyo pake anavomera kuti mimbayo anamunyamulira ndi mkazi wina.

Manje tikambe zoona. Mimba ingabwere yokha olo mwapitirira zaka 35, koma mwayi umachepa chaka ndi chaka. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, oposa 1 miliyoni. Pofika zaka 37 amatsala pafupifupi 25,000. Madokotala a azimayi ku America amati mwa akazi a zaka za m'ma 20 ofuna mwana, mmodzi mwa 4 amatenga mimba pamwezi. Pa zaka 40, ndi mmodzi chabe mwa 10.

Chiwerengero chimenecho n'cha amene alibe vuto lina. Kuno kwathu ambiri amavutika ndi ma fibroid, kapena machubu otsekeka chifukwa cha matenda monga chinzonono amene sanachiritsidwe bwino. Machubu onse awiri akatsekeka, dzira ndi umuna sizikumana. Mankhwala a m'mabotolo ogulitsa m'tauni sangatsegule, amangokudyerani ndalama ndi miyezi.

Ndiye werengani nthawi. Ngati muli pansi pa 35, yesani chaka chimodzi. Mwapitirira 35, miyezi 6 yakwana. Pa 40, osayembekezera olo mwezi. Yambirani ku kiliniki yanu, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, mupemphe kalata yopita ku Women and Newborn Hospital ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Funsani za sikani ndi HSG, X-ray yoona machubu.

Kunyumba, dziwani masiku anu. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 musanasambe ndipo limakhala tsiku limodzi chabe, pamene umuna umakhala mpaka masiku 5. Kumanani ndi akunyumba patsiku kapena kudumpha tsiku limodzi m'sabata imeneyo, ndipo yambani kumwa folic acid.

Apongozi akayamba kuponya mawu pa kitchen party, musazingwe mweka: bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 amakumana ndi vuto losabereka. Ndipo pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limapezekanso kwa mwamuna. Ba mudala asatsale m'galimoto, alowe nawo akapimitse.