Sickle cell si ufiti, tiperekeze odwala ku cipatala

M'makomboni mwathu muli ana ovutika ndi ululu wa m'mafupa, maso acikasu ndi kucepa magazi. Kawirikawiri amenewa ndi matenda a sickle cell. Mwana angabadwe nawo ngati atate ndi amai onse ali ndi mbeu yake m'magazi. Sapatsirana, ndipo si ufiti, komabe amai ambiri amasenza mlandu okha.

Tikufuna odzipereka operekeza mabanjawa ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, kapena ku UTH akatumizidwako. Nchito yanu ikhala kusunga kadi la wodwala, kufotokozera anamwino pamene ululu unayambira, ndi kukumbutsa za madzi ambiri, zofunda ndi neti. Mwana akatentha thupi, tisadikire mawa. Lembetsani kwa akulu a mpingo wanu.