Mankhwala a Kunenepa Ali pa Mbale ya Nsima

Kale mwamuna wa cimimba anali kuchedwa bwana, ndipo mai akanenepa anthu anali kunena kuti ukwati wamuyanja. Lero a zaumoyo akucenjeza kuti kunenepa kopitirira muyeso kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi sitoroko.

Kufufuza kumene Boma linacita m'zaka za 2013 ndi 2014 kunaonetsa kuti pa akazi 100 ali onse a m'Zambia, 23 anali olemera kuposa muyeso. Bvutoli linali lalikulu m'matauni kusiyana ndi kumidzi.

Cifukwa cace cimaoneka bwino m'tauni ya Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994. Nchito zambiri za m'tauni ndi zokhala pansi: kugulitsa pa msika, kuyendetsa galimoto, kulemba mu ofesi. Koma nsima imene wa m'tauni amadya ndi yofanana ndi ya mlimi wogwira khasu kuyambira mbandakuca. Cakudya cimene thupi silinagwiritse nchito cimasanduka mafuta.

Ena pofuna kucepetsa thupi amataya ndalama zambiri pogula ufa wa m'zitini wochedwa protein, wopangidwa kucokera ku mkaka kapena soya. Ufa umenewu susungunula mafuta ai. Munthu amaonda pokha-pokha ngati cakudya colowa cacepa kuposa mphamvu imene thupi lataya. Nchito ya zakudya zomanga thupi ndi yakuti zimakhalitsa m'mimba, ndiponso zimasunga minofu kuti isathe pamodzi ndi mafuta.

Zakudya zotere sizisowa m'misika ya Kabwe. Kuli nsomba za ku dambo la Lukanga, kapenta, nyemba, nsawawa, mazira ndi soya wolimidwa m'cigawo ca Pakati comweco. Mabanja a kumidzi ali nazo zambiri mwa izi m'nkhokwe mwao.

Wofuna kucepetsa thupi acepetse mitanda ya nsima, acurukitse ndiwo za masamba monga cibwabwa ndi repu, ndipo pa cakudya ciri conse pasasowe comanga thupi. Saladi athire pang'ono, pakuti supuni imodzi yaikulu iri ndi makalori ngati 120. Zakumwa zotsekemera, mowa ndi vitumbuwa zikhale za kamodzi-kamodzi. Wocotsa makalori 500 pa tsiku amatsika pafupi-fupi theka la kilogaramu pa sabata. Bungwe la World Health Organization limalangizanso kuti wamkulu aziyenda ndawala kapena kugwira nchito ya thukuta mphindi zosacepera 150 pa sabata.

Kudzimana cakudya masiku athunthu kumafooketsa, ndipo thupi limabwerera msanga. Munthu wa makilogaramu 90 akatsika ndi 5 okha, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kale kutsika. Amai apakati ndi oyamwitsa, odwala impso ndi amene akumwa mankhwala a shuga ayambe aonana ndi a cipatala asanasinthe kadyedwe kao.